Mousse ya chokoleti ndi kasitadi zikavuta, yambani mwafufuza kutentha

Madandaulo a anthu amene amapanga mousse ya chokoleti pakhomo sasiyana kwenikweni. Wina yake yagona m'furiji usiku wonse koma kukucha ikadali yamadzimadzi. Wina yagwira ndithu, koma ukaika mkamwa ukumva timiyala ta chokoleti. Winanso mousse yamuyendera, koma kasitadi wothira pambali uja wagawanika, akuoneka ngati chambiko. Zikachitika kawiri katatu munthu amagwa ulesi, poti chokoleti ndi kirimu si zotchipa, ndipo amayamba kunena kuti zimenezi n'za kuhotela. Si choncho ayi. Chakudyachi sichilira uvuni kapena makina odula. Chimalira munthu wodziwa nthawi yoyenera kuti chotentha chikumane ndi chozizira, ndipo mavuto ambiri amabadwira pamenepo.

Mousse ndi thovu. Mumatsekera mpweya mu kirimu ndi m'choyera cha dzira popukusa, kenako n'kusakaniza ndi chokoleti yosungunula. Chimene chimagwira thovulo kuti lisaphwe ndi mafuta a koko amene ali mu chokoleti. Mafuta amenewa amasungunuka pa madigiri a Celsius pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, ndipo akazizira amalimbanso. Choncho chokoleti ikatenthetsa imasungunula kirimu n'kuphwetsa thovu, ikaziziritsa imauma musanathe kusakaniza. Kasitadi wa mazira nayenso ali ndi mpata wake wopapatiza: amakhuthala bwino pa madigiri 82 mpaka 84, koma mukangodutsa 85 mazira amayamba kupsa n'kupatukana ndi mkaka.

Kuti tizimvana, miyeso imene ndikuganizira ndi ya anthu 6. Mousse ikhale ya chokoleti yakuda magalamu 200, kirimu mamililita 250, zoyera za mazira 4, shuga magalamu 40 ndi kamchere kotsina. Kasitadi akhale wa zikasu za mazira 4 omwewo, mkaka mamililita 400, shuga magalamu 50 ndi vanila pang'ono. Ndimakonda kagawidwe aka chifukwa palibe dzira lotayika, zoyera zapita uku, zikasu uko. Mwa kirimu uja, mamililita 100 ndi otenthetsa n'kusungunulira chokoleti, otsala 150 ndi opukusa.

Chokoleti yauma ili pamoto

Mwaika chokoleti m'mbale, yayamba kusungunuka bwinobwino, mwadzidzidzi yasanduka chibulumwa cholimba chosawala. Apa nthawi zambiri madzi alowa, ndipo safunika ambiri. Supuni yosapukuta, nthunzi yochokera m'poto, dontho logwa pa chivindikiro, zonsezi n'zokwanira. Mu chokoleti muli timibulu ting'onoting'ono ta shuga ndi koko toyandama m'mafuta. Timadzi tochepa timanyowetsa shuga uja, ndiye amamatirirana.

Musataye. Mankhwala ake ndi kuwonjezera chamadzi china, ngakhale zikumveka zosemphana. Thirani kirimu wotentha, mkaka wotentha, kapena madzi otentha amene, supuni yaikulu imodzi nthawi imodzi, mukutakasa mwamphamvu. Poyamba zioneka ngati zikuipiraipira, koma chamadzicho chikakwana shuga amasungunuka ndipo chokoleti imabwerera kusalala. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kusungunulira chokoleti mu kirimu kuchokera pachiyambi. Duladulani chokoleti ting'onoting'ono, tenthetsani kirimu mpaka ayambe kuchita timathovu m'mphepete mwa poto, mutsanulireni pa chokoleti, dikirani mphindi imodzi, ndiye takasani kuyambira pakati. Ikatuluka mafuta pamwamba, supuni ya mkaka wofunda ndi kutakasa kwamphamvu zimaibweza.

Ngati mukusungunula pa nthunzi, madzi m'poto akhale ochepa, mbale isawakhudze, ndipo isavindikiridwe. Madzi akangowira phulani poto, nthunzi yotsalayo ikwanira. Pa mbaula izi n'zofunika koposa poti makala sumawachepetsa moto mwachangu. Chokoleti yakuda isapitirire madigiri 50, yamkaka isapitirire 45. Imene yapserera, yomveka fungo la chinthu chopsa ndi kuwawa kwa makala, ilibe pothawira. Imeneyo yokha ndiyo yotaya.

Timiyala mkamwa

Vuto ili ndilo limabwerezabwereza kwambiri, ndipo anthu amalinamizira chokoleti pamene cholakwa ndi nthawi. Munthu wamva kuti chokoleti yotentha imaphwetsa kirimu, ndiye amaisiya izizire mpaka itatsala pang'ono kuuma. Kenako amakhuthuliramo kirimu wochokera m'furiji. Mafuta a koko akakumana ndi kuzizira koteroko amauma pompo, m'timagawo ting'onoting'ono, ndipo palibe kutakasa kumene kungatisungunulenso.

Chokoleti iyenera kukhala pa madigiri 35 mpaka 40 pamene mukuyamba kusakaniza. Ngati mulibe choyezera kutentha, pakani kadontho pa mlomo wanu wam'munsi kapena kuseri kwa dzanja. Muzimva kufunda pang'ono. Mukamva kutentha, dikirani. Mukamva kuzizira, bwezerani pa nthunzi kanthawi kochepa.

Ndondomeko yothira nayo imathandiza. Yambani ndi zoyera za mazira, poti izo sizichokera m'furiji. Tapani gawo limodzi mwa magawo atatu, thirani mu chokoleti, takasani mosanyengerera. Gawo limeneli likuphwa ndithu, koma ntchito yake ndi kufewetsa chokoleti kuti zotsalazo zilowe mosavuta. Zoyera zotsala zilowe kawiri, modekha, ndipo kirimu wozizira akhale womaliza. Pofika apo chokoleti yabalalika kale m'thovu, ilibenso poundana.

Nyengo nayo muziiona. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, makamaka kumalo ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, mbale yachitsulo imaziziritsa chokoleti msanga kwambiri, moti pamene mukumaliza kupukusa mazira yayamba kale kugwira m'mbali. Nthawi yotereyi siyani mbale ya chokoleti itakhala pa poto wa madzi ofunda mpaka nthawi yosakaniza. Mukaona timiyala tikuyamba muli mkati mosakaniza, ikani mbaleyo pa madzi ofunda kwa masekondi ochepa mukutembenuza. Mutaya mpweya pang'ono koma mupulumutsa kusalala. Ngati yagwira kale m'furiji ili ndi timiyala, kukoma sikunathawe. Wazani mtedza wokazinga wosinja pamwamba, wakudya sadzasiyanitsa chimene akutafuna.

Kirimu kapena zoyera zakana kutukuka

Kirimu amene mafuta ake sakufika 30 peresenti sapukusika, kaya mupukuse mpaka mkono uwawe. Wabwino ndi wa 35 peresenti kapena kuposerapo, ndipo pa paketi pamalembedwa. Kirimu wambiri wa m'zitini ndi wothira pa zipatso, si wopukusa. Werengani musanagule. Chachiwiri, kirimu azizire kwenikweni, agone m'furiji usiku, asachoke kusitolo n'kulowa m'mbale. Mbale ndi chopukusira cha mawaya ziikeni mu freezer mphindi 15. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, khazikani mbale ya kirimu m'beseni la madzi a ayezi pamene mukupukusa, ndipo ntchito yonseyi igwireni m'mawa dzuwa lisanakwere.

Ambiri amapyola muyeso. Kirimu wa mousse safunika kuuma. Mukatukula chopukusira, kansonga kamene katsala kazipindika kokha. Mukapitiriza amayamba kuoneka wamchengamchenga, ndipo mukapitirizabe amapatukana kukhala batala ndi timadzi. Akangoyamba kumene mchenga, thirani masupuni awiri a kirimu wozizira wosapukusa n'kutembenuza ndi dzanja, abwerera. Akafika pa batala, pakani pa buledi, kagulani wina. Kumbukiraninso kuti posakaniza ndi chokoleti kirimu amapitiriza kulimba, ndiye wolowa ali wouma kale amatulutsa mousse yolemera, yamafuta mkamwa.

Pali kirimu wina wopangidwa ndi mafuta a zomera, wopezeka m'masitolo ambiri. Amapukusika mosavuta ndipo amapirira kutentha kuposa wa mkaka weniweni. Kukoma kwake sikufika pa winayo, koma pa tsiku lotentha amathandiza. Mulaweni kaye, chifukwa wina amabwera ndi shuga kale.

Zoyera za mazira mdani wake ndi mafuta. Kachidutswa ka chikasu kakagweramo, kapena mbale ikakhala ndi mafuta otsalira, thovu silikwera. Mbale zapulasitiki zimasunga mafuta ngakhale mutatsuka, choncho gwiritsani yachitsulo kapena yagalasi, ndipo ipukuteni ndi kansalu kodonthezera mandimu. Dzira lililonse liswereni m'kapu yakeyake musanaliphatikize ndi anzake. Shuga musamuthire poyamba. Pukusani mpaka thovu liyere, kenako muzithira supuni imodzi imodzi. Lekani pamene thovu likuwala ndipo kansonga kakuima kopindika pang'ono kumapeto. Likayamba kuoneka louma, logawikagawika, mwapyola, ndipo thovu lotero silisakanikirana bwino. Zoyera zikhale zomaliza kupukusa, ndipo zilowe mu chokoleti nthawi yomweyo, poti zikakhala zimayamba kudontha madzi pansi.

Madzi amene mumawapeza pansi pa kapu mawa lake amachokera kumeneko: zoyera zosakhwima, zopyola, zodikira nthawi yaitali, kapena zosasakanizika bwino pansi pa mbale.

Posakaniza musazungulize supuni. Dulani pakati, kokolani pansi pa mbale, tembenuzirani pamwamba, potozani mbale pang'ono, bwerezani. Mizere yoyera ikangotha, lekani.

Yagona m'furiji koma sinagwire

Musanaweruze, onani nthawi. Mbale yaikulu imafuna maola 4 kapena kuposerapo, ndipo kugona usiku n'kwabwino koposa. Timakapu ting'onoting'ono timagwira m'maola awiri kapena atatu, n'chifukwa chake ndimati muzigawiratu m'makapu. Onaninso furiji. Iyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Furiji yodzaza kwambiri, yotsegulidwa pafupipafupi, kapena yoikidwamo mphika wotentha, siziziritsa mokwanira. Ikani mousse m'kati chakumbuyo, osati pachitseko. Mukafulumira, mphindi 20 kapena 30 mu freezer zimathandiza kuyambitsa, kenako ibwerere m'furiji.

Ngati zonsezi zili bwino, funsani chokoleti. Miyeso ija ndi ya chokoleti yakuda yokhala ndi koko pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Chokoleti yamkaka, ija ana amaikonda, ili ndi koko wochepa, shuga wambiri ndi mafuta a mkaka amene ndi ofewa. Mukaigwiritsa pa muyeso womwewo mousse ikhala yolobodoka ndi yotsekemera mopyola. Ngati ndiyo muli nayo, ikani magalamu 280, chotsani shuga pafupifupi yense, ndipo chepetsani zoyera zikhale zitatu. Njira imene ine ndimaiona yabwino pa banja la ana ndi akulu ndi kuphatikiza theka yakuda theka yamkaka. Kumbali inayo, chokoleti ya 85 peresenti imatulutsa mousse youma ndi yowawa, yofuna kirimu ndi shuga wowonjezera.

Ilipo chokoleti yotchipa yophikira makeke imene m'malo mwa mafuta a koko anaikamo mafuta ena a zomera. Imasungunuka mosavuta pamoto ndipo imagwira kolimba, koma imasiya phula m'kamwa chifukwa mafuta ake sasungunuka msanga palilime. Thumba likavuta, sakanizani theka ndi chokoleti yeniyeni. Ufa wa koko wokha, kapena ufa wothira mu mkaka pakumwa, sungalowe m'malo mwa chokoleti mu miyeso iyi. Mafuta ambiri a koko anachotsedwamo, ndiye palibe chogwira thovu.

Jelatini, ufa uja umalimbitsa jelly, amathandiza pamene mukufuna mousse yoti muigubuduze pa mbale n'kuima yokha, kapena yoti ipirire ulendo. Supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa jelatini ikwanira miyeso yathu. Muvikeni m'masupuni aakulu awiri a madzi ozizira mphindi 5, ndiye musungunulireni mu kirimu wotentha uja musanathire pa chokoleti. Asawire, poti kuwira kumamufooketsa, ndipo musamuthire mu chinthu chozizira chifukwa amachita tizingwe. Jelatini wambiri amapangidwa kuchokera ku nkhumba kapena ng'ombe, ndiye ngati pakati pa odya pali Asilamu kapena ena osadya nkhumba, werengani paketi, kapena musiyeni.

Mousse imene yakaniratu kugwira, alendo ali panjira, iikeni mu freezer maola angapo muipereke ngati ayisikilimu. Palibe amene angadandaule.

Kasitadi

Apa ndipo pofunika mtima wodekha, ndipo ndikhalitsapo. Kasitadi wothira pa mousse ndi uja Afalansa amapanga ndi zikasu za mazira, mkaka ndi shuga basi, wopanda ufa. Safunika kukhala wolimba. Azitsanulika, azingomatirira pa supuni. Ambiri amamuwononga chifukwa akudikira kuti akhuthale ngati wa ufa amene anazolowera, ndiye amasiya poto pamoto mpaka mazira apse.

Vuto loyamba limatha kubwera moto usanayake. Mukathira shuga pa zikasu n'kuzisiya osatakasa, shuga amayamwa madzi a m'chikasu n'kusiya timadontho tolimba tachikasu tosasungunukanso. Mukangothira shuga, pukusani pompo mpaka zituwe pang'ono.

Tenthetsani mkaka mpaka utulutse nthunzi, usawire. Musakhuthulire mazira m'poto wa mkaka wotentha. Tengani mkakawo muzithira pa mazira pang'onopang'ono, dzanja lina likupukusa, kuti mazira afunde mosadzidzimuka. Mukathira theka, bwezerani zonse m'poto. Moto ukhale wochepa kwambiri. Takasani ndi supuni yamtengo osalekeza, mukukokola pansi ndi m'makona a poto, poti m'menemo ndimo mumayambira kupsa. Supuniyo ikhale yake yake, osati yotakasira ndiwo, chifukwa mtengo umasunga fungo la anyezi ndi nsomba. Poto wopyapyala wa aluminiyamu amapsereza msanga, ndipo mukakanda pansi pake ndi chopukusira cha mawaya kasitadi amatuwa. Ngati ndiye muli naye, kapena mukuphika pa makala, phikirani kasitadi m'mbale yokhazika pa poto wa madzi otentha. Zimatenga nthawi yotalikirapo koma ngozi imachepa kwambiri. Pa hotplate kumbukirani kuti chitsulo chimakhalabe chotentha mutazimitsa, ndiye kuzimitsa sikokwanira, phulani poto.

Mudziwa bwanji kuti wapsa? Thovu limene linali pamwamba poyamba limazimirira, supuni imayamba kumva kulemera pang'ono, ndipo nthunzi imachuluka. Tukulani supuni, jambulani mzere kumbuyo kwake ndi chala. Mzerewo ukatsala woonekera, kasitadi osathamangira kuutseka, phulani. Mukaona kathovu kowira ngakhale kamodzi, mwafika kale pa malire. Sefa ndi mbale yozizira zikhale zokonzeratu pambali musanayatse moto, chifukwa poto wotentha amapitiriza kuphika ngakhale mwaphula. Tsanulirani mu sefa nthawi yomweyo, khazikani mbale m'madzi ozizira, muzitakasa mwa apo ndi apo. Vanila athiridwe pamenepa. Akamazizira kasitadi amakhuthala kuwonjezera, ndiye musadandaule mukamuona wamadzi pang'ono akadali wotentha.

Akagawanika, chitanipo kanthu msanga. Mutsanulireni m'mbale yozizira, thirani masupuni awiri a mkaka wozizira kapena kirimu, pukusani mwamphamvu. Ngati muli ndi blender mugayeni theka la mphindi, ndiye musefe. Ngati mulibe, muziziritseni pang'ono, muikeni m'botolo loyera lotseka bwino, khutchumulani kwambiri, sefani. Wogawanika pang'ono amabwerera mpaka wakudya osazindikira. Amene wafika pomveka fungo la dzira lophika sabwereranso kukoma, ngakhale maonekedwe atakonzeka.

Kwa amene akuyamba kumene, supuni yaing'ono imodzi ya cornflour (ufa wosalala wa chimanga) kapena ufa wa kasitadi yosakaniza m'zikasu ndi shuga imateteza kwambiri. Ufawo umatchinga mazira kuti asagwirane msanga, ndiye poto akatenthetsa pang'ono simutaya zonse. Sindiona chamanyazi pamenepo.

Kasitadi amene watsala wamadzi ngakhale atazizira ndiye kuti munaphula msanga chifukwa cha mantha, kapena mazira anali aang'ono. Mazira a nkhuku zachikuda ndi ochepa thupi, ndiye pa mkaka womwewo ikani zikasu 5 kapena 6. Mukhoza kumubwezera pamoto wochepa n'kupitiriza. Mkaka wa ufa umagwira ntchito bwino malinga ukhale wokhala ndi mafuta ake onse ndipo usungunulidwe mosalala. Kakhungu kamene kamayala pamwamba pozizira mumakapewa poyala pepala lapulasitiki lokhudza kasitadiyo mwachindunji.

Nanga wa ufa wa m'sitolo? Ameneyu ndiye ambiri tinakulira, wothira pa jelly ndi zipatso pa Khirisimasi, ndipo akhoza kuyenda ndi mousse bwinobwino. Anamuyambitsa ndi Alfred Bird, katswiri wa zamankhwala wa ku Birmingham, mu 1837, chifukwa mkazi wake thupi lake linkadana ndi mazira. Mulibe dzira, muli ufa wosalala wa chimanga, mtundu wachikasu ndi fungo. Choncho malamulo ake ndi osemphana ndi a winayo: ameneyu ayenera kuwira, mphindi imodzi kapena ziwiri mukutakasa, apo ayi amamveka ufa wauwisi ndipo sakhuthala bwino. Mibulu imabwera mukathira ufa mu mkaka wotentha. Usungunuleni kaye ndi mkaka wozizira pang'ono. Poti tikufuna wotsanulika ali wozizira, ikani theka la ufa umene paketi ikunena, apo ayi m'furiji agwira mpaka kudulika ndi supuni. Akalimbitsa, mupukuseni ndi mkaka wozizira. Chinthu china chimene anthu sachidziwa: supuni imene mwalawira ikabwerera m'mbale, malovu amagaya ufa uja ndipo kasitadi amasanduka madzi pakapita maola. Lawirani supuni ina.

Magetsi akazima, ndi nkhani ya mazira aawisi

Furiji yosatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi atazima. Ngati kwanu amazimazima, sungani mabotolo a madzi oundana mu freezer, ndipo magetsi akapita ikani awiri atatu pafupi ndi mousse n'kutseka chitseko, osatsegulanso. Cooler box yokhala ndi ayezi nayo imagwira ntchito, makamaka pa timakapu tating'ono. Koma musachite chibwana ndi chakudya cha mkaka ndi mazira. Chikakhala kunja kwa furiji maola opitirira awiri n'chokayikitsa, ndipo kukatentha kupyola madigiri 32, monga zimakhalira ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja nthawi yachilimwe, ola limodzi lokha ndilo malire. Mousse imene yafunda m'furiji usiku wonse n'kudzagwiranso magetsi atabwera imaoneka yabwinobwino, koma si yopatsa anthu.

Zoyera za mazira mu mousse sizinaphikidwe, ndipo dzira laliwisi likhoza kukhala ndi tizilombo ta salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Sankhani mazira atsopano, oyera, opanda ming'alu. Dzira latsopano likaikidwa m'madzi limamira n'kugona chammbali. Komabe amayi oyembekezera, ana aang'ono, agogo ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka asapatsidwe mousse ya mazira aawisi. Apangireni yopanda mazira: chokoleti magalamu 200 ndi kirimu mamililita 400, mwa iwo 120 osungunulira, otsala opukusa. Imalemererapo pang'ono koma imakoma, ndipo siidontha madzi. Kasitadi wophikidwa kufika madigiri 82 alibe vuto limeneli.

Kirimu akasowa m'sitolo

Zimachitika, makamaka kutali ndi mizinda ikuluikulu. Katswiri wa sayansi ya zakudya wa ku France, Hervé This, anaonetsa kuti mousse ikhoza kupangidwa ndi chokoleti ndi madzi basi. Mumasungunula chokoleti yakuda magalamu 225 m'madzi otentha mamililita 200 mpaka zisalale, kenako mumakhazika mbaleyo pa ayezi n'kupukusa osalekeza. Ikamazizira imayamba kukhuthala ndi kutenga mpweya, ndipo muyenera kuleka ikangofika pofewa mogwira, chifukwa masekondi ochepa owonjezera imasanduka yamchenga. Ubwino wake, ikalakwika mumangoisungunulanso n'kuyambiranso: ikakana kukhuthala onjezerani chokoleti, ikaumitsa onjezerani madzi. Imafuna chokoleti yeniyeni ya koko wambiri, pafupifupi 70 peresenti. Imatuluka yowawirapo, yamphamvu, ndipo ndi imene imagwirizana kwambiri ndi kasitadi wotsekemera.

Popereka

Zonse zayenda, musaziwonongere patebulo. Kasitadi wotentha kapena wofunda akathiridwa pa mousse amasungunula mafuta a koko aja ndipo zonse zimasanduka msuzi wabulauni. Azizire m'furiji maola awiri, ndipo athiridwe nthawi yakudya, osati kugonera limodzi, chifukwa mousse yopepuka imanyowa pamwamba. Muikeni m'jagi aliyense adzithirire, kapena tsanulirani m'mbale n'kukhazika mousse pakati ndi supuni yoviika m'madzi otentha.

Mousse ikamveka fungo lachilendo, kawirikawiri ndi furiji. Mafuta amakoka fungo la usipa, anyezi ndi ndiwo zotsala, choncho kapu iliyonse ivindikiridwe. Ikamveka yozizirira, yosatulutsa kukoma kwa chokoleti, mwina munaiwala kamchere kaja, kapena mwaipereka itangotuluka kumene m'furiji yozizira kwambiri. Nyengo yozizira itulutseni mphindi 10 anthu asanadye kuti ifewe. Mu Okutobala ichoke m'furiji n'kupita m'manja mwa wakudya. Zotsala, mousse ndi kasitadi yemwe, zibwerere m'furiji msanga ndipo zidyedwe pasanathe masiku awiri.